Chithunzi cha M'mutu mwa Eneless

Lettie anatseka chipatala 10 koloko ya usiku itadutsa. Odwala anali atatha kalekale. Chinamuchedwetsa ndi buku, chibuku chokhuthala ngati njerwa ziwiri, chimene dokotala wina wachizungu anachisiya zaka zambiri zapitazo. Mpaka sabata imeneyo ntchito ya bukulo inali kutchinga chitseko cha chipinda cha mankhwala kuti mphepo isamachimenyetse. Kunyumba kunalibe magetsi, kuchipatala kunali sola, ndiye masiku anayi otsatizana Lettie ankatsalira n'kumawerenga mitu itatu yokha: wa zotupa za mu ubongo, wa matenda a mitsempha ya magazi, ndi wa kawerengedwe ka zithunzi za sikani.

Ankasaka tsamba limodzi lokha loti limutsutse dokotala wa ku Lilongwe. Dokotalayo, atamva kuti Lettie ndi wachipatala mnzake, anamukokera m'khonde n'kumuuza m'Chingerezi, mwachangu ngati wina akumudikira: chotupa chimene chili m'mutu mwa mwamuna wake, Cornelius, chakhala pakati penipeni pomwe mpeni sungafike. Miyezi itatu, mwina isanu. Kuyambira pamenepo Lettie ankalozetsa kunyali chithunzi cha sikani ya Cornelius n'kumachiyerekeza ndi za m'buku. Mwina ndi mtsempha wofufuma, umene madokotala amatha kuumanga. Mwina ndi TB, imene mankhwala ake anali m'kabati momwemo. Bukulo linkayankha mwaulemu, koma silinamunyengerere ngakhale pa tsamba limodzi.

Cornelius sankadziwa kanthu. Achibale ake anakhala pansi n'kugwirizana kuti asauzidwe, ndipo amene anadula nkhaniyo anali azakhali ake, a Maggie, omwe onse pamudzipo ankawatchula kuti ankhazi.

"Kuno wodwala sitimuuza," anatero a Maggie. "Mawu amapha msanga kuposa matenda. Inu a kum'mwera mumangolankhula zonse ngati wailesi."

Lettie anali wa ku Ntcheu. Anali atakhala zaka khumi ndi zisanu cha kuno ku Kaseye, koma pa nkhani ngati izi ankabwerera kukhala mlendo. Anavomera. Choncho Cornelius, mphunzitsi wa Sitandade 8, ankakhala pamphasa kukonzekera maphunziro a teremu yamawa ndi dzanja limene linkagwetsa cholembera kawirikawiri. Mwana wawo Tina anali kusukulu yogonera konko ku Karonga, ndipo bambo ake anakana kuti aitanidwe. "Mwana aziphunzira. Mutu ndi mutu, usiya wokha."

Njinga inali itaphulika tayala, ndiye usiku umenewo Lettie ananyamuka wapansi. Kunali kuzizira kwa mu Juni, kolowa mpaka m'mano. Njira inkadutsa m'minda ya chimanga chouma, n'kutsikira kukamlatho ka matabwa. Kutsidya kwake, kumanzere, kunali manda. Lettie sankaopa manda. Ambiri ogona mmenemo anawabayapo jakisoni, ndipo analibe naye chifukwa.

Ali pafupi ndi mlatho anamva phokoso kumbuyo. Kwapu... kwapu... Silinali la mapesi. Ankalidziwa bwino phokoso limenelo. Ndi mmene limalirira pepala lolimba la chithunzi cha sikani munthu akaligwedeza. Koma cha Cornelius anali atachitsekera m'dirowa kuchipatala.

Anafulumira. Phokosolo linafulumiranso. Anaima. Linaleka.

Atatembenuka sanaone munthu. Atayang'ananso kutsogolo, pamlatho panali mayi ataima, wovala duku ndi chitenje chofwifwa, atakumbatira envulopu yaikulu yakhaki pachifuwa.

"Monire, anesi," anamulonjera mayiyo.

Lettie sanali nesi, anali wothandizira dokotala, koma anasiya kale kuwongolera anthu. "Yewo, mama. Usiku uno mukupita kuti?"

"Ndimadikira inu. Akuti masiku ano mukumawerenga zinthu izi."

"Mubwere mawa kuchipatala."

"Masana sindiyenda."

Mayiyo anatambasula manja onse awiri, atawerama pang'ono. Munthu akakupatsa chinthu motero sukana. Envulopuyo inali yozizira ngati yavuulidwa mumtsuko, ndipo inkanunkha dothi lonyowa, ngakhale mvula inaleka mu Epulo. Lettie anasolola chithunzicho, n'kuyatsa tochi ya foni kuseri kwake.

Timitu khumi ndi tiwiri tinandandalika m'mizere, tozungulira ngati magawo a dzira lophika. Mzere woyamba unali bwinobwino. Wachiwiri chimodzimodzi. Pa wachitatu anachiona: mkombero woyera, pakati pake pakuda, utakankhira ubongo mbali imodzi. Pakati penipeni. Sanafunikire buku. Chinthu chomwechi anali atachiyang'ana masiku anayi m'mutu wa munthu wina.

"Kuchipatala anakuuzani chiyani, mama?"

"Anauza alamu anga panja. Ine anandiuza kuti mphepo yalowa m'mutu, ndizimwa panado, mvula ikatha ndichira." Mayiyo anayang'ana kumwamba. "Mvula yatha kambirimbiri, anesi."

Pansi pa mlatho madzi sankamveka. Ngakhale achule anali chete.

"Ndiye ndiuzeni inuyo. Ndichira?"

Yankho linali kale palilime pa Lettie, lomwe lija ankapatsa aliyense: tiyeni tizipemphera, Mulungu ndi wamkulu. Analinena kwa Cornelius m'mawa womwewo akumupatsa tiyi. Koma mayiyo ankamuyang'ana ngati munthu amene waima pamzere tsiku lonse, ndipo tsopano wafika pazenera.

"Ayi, mama," anatero Lettie. "Ndi chotupa. Chili poti sangachichotse. Simuchira."

Aka kanali koyamba kuti mawu amenewa atuluke m'kamwa mwake, ndipo anamva ngati wawanenera m'nyumba mwake momwe. Anagwira thabwa la m'mbali mwa mlatho.

Mayiyo sanalire. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Yewo chomene," anathokoza motero. "Ine ndinkayesa ulesi. Ndikagwetsa kapu ndinkadzikalipira ndekha. Ndikagwa panjira ndinkapepesa anthu."

Kenako mayiyo anapitiriza.

"Mwana wanga Salome ali ku Mbeya, kubanja. Anafuna kubwera, ine ndinamuletsa. Ndinati usavutike ndi ulendo, udzabwere pokolola ndili bwino. Tinasiyana titakangana, nkhani yake yopanda pake, ya nsalu. Ndinali ndi mawu oti ndimuuze. Ndinawasunga. Ndinkati nthawi ilipo."

"Muitaneni mawa lomweli," anatero Lettie. "Ndikubwerekani foni. Ali ndi nambala?"

Mayiyo anamwetulira ngati akumvera mwana.

Pamenepo m'pamene kuwala kwa tochi kunagwera pakona ya chithunzi, pomwe amalemba dzina ndi tsiku. Eneless Nachali. Blantyre. Febuluwale, 2001.

Lettie anawerenganso. 2001... Munthu wa chotupa chotere sadutsa chaka. Buku linatero. Dokotala anatero. Ndipo chino chinali chaka cha 2017.

Anakweza maso pang'onopang'ono. Mpweya wa m'kamwa mwake unkatuluka ngati utsi chifukwa cha kuzizira. Pakamwa pa mayiyo sipankatuluka kanthu.

Dzanja linabwera. Linatenga chithunzi. Zala zinakhudza zake... madzi oundana!

"Fikani bwino, anesi. Akukudikirani."

Mayiyo anatsika pamlatho n'kukhotera kumanzere. Kunalibe mudzi kumanzereko. Udzu unali wouma, wofika m'chiuno, koma sunachite phokoso. Kwapu... kwapu... Kenako zii.

Lettie anathamanga. Nsapato imodzi inatsalira m'njira. Sanaibwerere.

Pakhonde la nyumba anapeza a Maggie atakhala pafupi ndi mbaula, atafunda bulangete mpaka kumutu. Ankagona pompo masiku amenewo, akuti kuthandiza, ngakhale Lettie ankadziwa kuti akulondera pakamwa pake.

"Mwathamangitsidwa ndi chiyani, mkamwana? Fisi?"

Lettie anakhala pansi pasimenti, akupuma movutika. Anafotokoza za mayi wa pamlatho, za envulopu, za mwana wa ku Mbeya. Atatchula dzina la Salome, a Maggie anasiya kusonkha makala.

"Dzina lake mwaliona?"

"Eneless Nachali."

A Maggie anatembenukira kumoto.

"Anali mlongo wa malemu amuna anga," anatero motsitsa mawu. "Tinamuika chaka chomwecho, inu musanabwere kuno. Ali pamanda apo, pafupi ndi mlatho. Envulopuyo tinamuika nayo. Ankagona nayo kumutu, ankati tsiku lina kudzabwera wodziwa kuwerenga."

"Alamu ake amene anauzidwa panja..."

"Ndine. Ndinamuperekeza ndine ku Blantyre, masiku atatu panjira. Za mphepo zija ndinapeka ndine, tili m'basi. Anaseka, mkamwana. Anasangalala mpaka anagula nthochi n'kugawira anthu." Anakankhira khala mumbaula. "Salome anafika titakwirira kale. Mpaka lero akabwera kuno amandidutsa ngati mtengo."

M'nyumba munamveka kutsokomola, kenako mawu a Cornelius, olemera ngati a munthu woledzera, ngakhale sanalawepo mowa moyo wake wonse.

"Anyina Tina? Ndinu?"

Lettie anaimirira. A Maggie anamugwira pamkono mwamphamvu. Anayang'anana. Kenako zala za mayi wachikulireyo zinamasuka chimodzichimodzi, ndipo anakokera bulangete kumaso.

Cornelius anali atakhala tsonga pabedi, koloboyi akuyaka pambali. Diso lake lakumanzere linali litatsekeka theka. Anayang'ana phazi la mkazi wake.

"Nsapato ina mwagulitsa?"

Lettie anafuna kuseka, koma sizinatheke. Anakhala pambali pake n'kutenga dzanja lofookalo m'manja mwake.

"Bambo a Tina, mawa ndikufuna tiimbe foni ku Karonga. Mwana abwere."

"Teremu isanathe?"

"Isanathe."

Cornelius anamuyang'ana ndi diso labwinolo. Kenako anayang'ana mapepala a teremu yamawa amene anali pampando, osanjidwa bwino, cholembera chili pamwamba.

"Ndi choncho eti?"

"Ndi choncho."

"Mpaka liti?"

"Mwina mvula yoyamba. Mwina osafika."

Anapuma mozama, n'kutsamira khoma.

"Ndimaona mmene mumandipatsira tiyi," anatero. "Ndimati mwina simukudziwa kuti ndikuona, ndiye ndisakuvutitseni." Anafinya dzanja la mkazi wake ndi mphamvu zochepa zimene zinatsala. "Muimbe m'mamawa, asanalowe m'kalasi. Mumuuze kuti abwere ndi katundu wake yense."