Duwa la m'chitini

Mng'ono wanga timamutcha Kabatani. Ndi wamfupi, wamasaya ozungulira. Kabatani anali ndi duwa limodzi. Analidzala m'chitini. Ankalithirira m'mawa uliwonse. Ankafuna kukaliika kutsogolo m'tchalitchi.

"Ili ndi la Mulungu," ankatero. "Osaligwira."

Tsono mverani izi. Pafupi ndi ife pamakhala mayi osoka zovala. Timawatcha a Telala. A Telala amakalipa. Tikaseka, amakalipa. Tikathamanga, amakalipa. Ngakhale mphaka wawo amayenda monyang'ama.

Sabata ina makina awo anangoti zii.

"Akudwala," anatero amayi. "Palibe wapita kukawaona."

Lamlungu Kabatani anavala diresi. Ananyamula chitini chake.

"Kodi ku Sande sukulu munaphunzira chiyani?" anafunsa amayi.

"Tizikonda Mulungu. Tizikondanso anzathu."

"Nanga a Telala?"

"Iwo aja si anzanga. Anzanga alipo atatu basi."

Amayi anaseka. "Kodi a Telala ndi nkhuku?"

"Ayi, ndi munthu."

"Nanga iwe?"

"Inenso ndine munthu."

"Ndiye ndi munthu mnzako."

Kabatani anayang'ana duwa. Anayang'ana chitseko cha a Telala. Anayang'ananso duwa.

"Koma duwa ndi limodzi, amayi."



Kabatani anapita yekha kwa a Telala. Ine mkulu wake sindikanayerekeza. Ndinangosuzumira pawindo lawo, pampata wa katani. Inde, kusuzumira ndimatha.

"Odi," anatero Kabatani.

"Ukufuna chiyani?" anafunsa a Telala. Anali gone pabedi.

"Duwa ili ndi la Mulungu. Koma likhale kwa inu. Iye aliona konkuno."

A Telala analandira duwalo. Analinunkhiza. Anapukuta m'maso ndi bulangeti. Zimenezi musauze munthu.

"Nditungireko madzi akumwa, mwanawe," anatero.

Kabatani anatunga madzi. Anawagwirira kapu. Anawakonzera pilo. Anatsegula katani kuti dzuwa lilowe.

Kutchalitchi tinafika mochedwa. Kabatani analowa chimanjamanja. Ana ena anayamba kunong'onezana.

"Duwa lija lili kuti?" anafunsa aphunzitsi a Sande sukulu.

"Ndapereka kale," anayankha Kabatani.

Amayi anamukokera pafupi. Anamugwira dzanja. Ine ndinagwira dzanja linalo. Nyimbo itayamba, Kabatani anaimba mokweza kuposa tonse.