Tereza Atulutsa Utsi M'khitchini

Tereza ankakhala ku Kande. Anali ndi mlongo wake wakhanda. Dzina lake anali Duncan. Tereza ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti Duncan asiye kutsokomola.

Inali nthawi ya dzinja. Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku. Amayi sankaphikira panja. Ankaphikira m'khitchini, Duncan ali kumbuyo.

Nkhuni zinali zonyowa. Utsi unkadzaza m'khitchini. Unkalowa m'maso. Unkalowa m'mphuno.

"Kho! Kho! Kho!" Duncan ankatsokomola.

Duncan anasiya kuseka. Anayamba kukana kuyamwa. Tereza anachita mantha.

"Ama, utsiwu bwanji sukutuluka?" anafunsa Tereza.

"Ulibe njira, mwanangu," anatero amayi, akupukuta misozi.

Tereza anathamangira kwa a Fanuel. A Fanuel anali mlongo wawo wa amayi. Tereza ankawaitana kuti asibweni. Iwo anali atangobwera kumene kuchokera ku Wanke. Kumeneko ankakumba malasha mu mgodi.

"Asibweni, kodi mu mgodi muli mazenera?"

A Fanuel anaseka. "Mulibe, mwana iwe. Ndi pansi pa nthaka."

"Nanga mumapuma bwanji?"

"Pamwamba pali chikupiziro chachikulu. Chimazungulira. Chimakoka mpweya woipa, n'kuutaya kunja."

"Tipange chathu, asibweni! Duncan akudwala ndi utsi."

A Fanuel anasiya kuseka. Anamuyang'ana Tereza. Kenako anaimirira.

"Kandifunire zitini za palafini," anatero.

Tereza anayenda khomo ndi khomo. Anapeza zitini zakale. Anazitsuka ndi mchenga. Anazitsukanso ndi phulusa. Fungo lonse linatha.

A Fanuel anadula zitinizo. Anapinda. Anakhoma. Kho, kho, kho, koma uku sikunali kutsokomola. Inali nyundo!

Anapanga paipi ya utsi. Anapanganso zikupiziro ziwiri. China chinali chachikulu. China chinali chaching'ono.

"Sankha," anatero a Fanuel.

"Chachikulu!" anatero Tereza.

"Yamba wayesa."

Tereza ananyamula chachikulu m'mwamba. Mphepo inaomba. Chikupiziro sichinazungulire. Chinali cholemera.

Tereza ananyamula chaching'ono. Mphepo inaomba. Chikupiziro chinayamba kuzungulira. Pyee! Pyee! Pyee!

"Ichi, asibweni! Chaching'onochi!"

A Fanuel anamangirira chikupiziro kukamwa kwa paipi. Kenako anaboola khoma la khitchini. Anaboola mbali ya kunyanja. Analowetsa paipi.

Amayi anasonkha moto. Onse anadikira.

Mayo! Mphepo ya kunyanja inalowa mu paipi. Utsi wonse unabwerera m'kati. Unadzaza kuposa kale.

"Kho! Kho! Kho!" Duncan anatsokomola.

"Kho! Kho! Kho!" a Fanuel nawonso anatsokomola.

Onse anathawira panja.

"Alongo, mwandiboolera khoma pachabe," anatero amayi.

A Fanuel anakhala pa mtondo. Tereza anafuna kulira.

Pafupi panali nthenga ya nkhuku. Tereza anaitola. Anaima mbali ya kunyanja, n'kuitaya. Nthenga inauluka kupita kukhoma.

Tereza anaitolanso, n'kuzungulira kuseri. Anaima mbali ya kumapiri. Anataya nthenga ija. Nthenga inauluka kupita kutali, kumunda wa chinangwa.

"Asibweni! Bwerani muone! Kunoku mphepo ikuchoka, sikubwera!"

A Fanuel anabwera. Anatola nthenga ina, n'kuitaya okha. Anaiona ikupita.

"Wanena zoona, mwana iwe," anatero.

Anatseka bowo loyamba lija. Anaboola lina mbali ya kumapiri. Anaboola m'mwamba, chifukwa utsi umakonda m'mwamba. Paipi inatuluka kunja, n'kuloza kumwamba.

"Isakhudze udzu wa denga," anatero amayi. "Ingatiotchere khitchini."

A Fanuel anaitalikitsa ndi udzu. Tereza anaponda dothi. Amayi anamata kuzungulira paipi. Anamata bwinobwino. Sanasiye mpata. Pamwamba a Fanuel anaikapo kachipewa ka chitini. Kanali kotchinga mvula.

Amayi anasonkhanso moto. Onse anadikiranso.

Pyee! Pyee! Pyee! Chikupiziro chinazungulira.

Utsi unakwera. Unalowa mu paipi. Unatuluka kunja. Unapita, unapita, unapita!

Tereza anayang'ana amayi. M'maso mwawo munalibe misozi. Anayang'ana Duncan. Duncan ankapuma bwino. Tsiku limenelo anayamwa mpaka kukhuta.

Abambo a Tereza anali a Jobe. Iwo anali atapita ku Usisya kukapha usipa. Sankadziwa kanthu. Tsiku lobwerera, anaona utsi patali. Unkatuluka pamwamba pa khitchini yawo.

"Moto! Moto!" anakuwa a Jobe.

Anataya dengu la usipa. Anatola mtsuko wa madzi. Anathamanga. Madzi ankatayikira pa malaya awo.

Anafika pakhomo ali wefuwefu. Anasuzumira m'khitchini.

Amayi anali kusenda chinangwa, akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Tereza anali atanyamula Duncan. Duncan anaona abambo ake atanyowa. Anaseka. Anasekanso.

"Moto uli kuti?" anafunsa a Jobe.

"Uli pa mafuwa, Ada," anatero Tereza. "Utsi wokha ndi umene wapita kukayenda."

Amayi anafotokoza zonse. A Jobe anatula mtsuko. Anapita kwa a Fanuel. Anawagwira chanza ndi manja awiri, n'kuwathokoza.

"Yewo, alamu. Yewo chomene."

"Thokozani mwana wanu," anatero a Fanuel. "Ine ndangokhoma zitini."

A Jobe anagwada pafupi ndi Tereza. "Yewo, mwanangu," anatero.

Tereza anamwetulira. Kenako anafunsa, "Ada, nanga usipa wathu uli kuti?"

A Jobe anagwira pakamwa. Onse anathamanga kukatola usipa m'njira, akuseka.