Kugogoda m'Laputopu ya Malemu Wallace

Nkhaniyi ine ndinayamba kuimva pamsika wa paboma, kwa amayi ogulitsa mbatatesi, kuti Wallace Shaba wa kufupi ndi Luwawa, amene anafera ku Joni, wabwerera kwawo ndipo akukhala m'laputopu. Ndinaseka, koma kuseka kwake kwa pakamwa pokha, chifukwa za ku Joni angazimalize ndani.

Wallace anamwalira mu Epulo ndipo anamuika konko. Kumudzi kunangofika chikwama cha zovala ndi laputopu yakuda yosupuka m'makona. M'menemo munali zithunzi zake ndi kavidiyo kamodzi akuimbira mwana wake wamkazi amene sanamunyamulepo, poti anachoka mkazi wake Iness ali woyembekezera. Foni ya Iness inali itagwera kale m'chitsime, ndiye nkhope ndi mawu a Wallace zinatsala m'chinthu chimenechi basi.

Mayi a malemu, NyaJere, anasiya kudya. Kulira sankalira. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana msewu wa malole a matabwa, tiyi n'kumazizira pambali pawo.

Usiku wina mu Juni, Iness anaiwala kuzimitsa laputopu ija. M'nyumba munali zii, kunja mphepo ikungoomba m'mitengo ya paini, ndiye pabalaza panamveka tche, tche, tche. Kukhala chete. Kenako ngati munthu akukanda chitseko ndi chikhadabo chimodzi. Iness anatsegula chitseko, koma panja panali chifunga chokha. Pobwerera anapeza apongozi ake ataima mumdima, khutu atagunditsa patebulo.

“Amama, si khoswe?” ananong'oneza Iness.

“Khoswe ndimamudziwa,” anayankha NyaJere. “Uyu ndi Wallace. Akuodira. Lowa, mwana wanga, lowa.”

M'mawa mwake NyaJere anadya mbatata ziwiri n'kupempha tiyi wina.

Kuyambira tsikulo analetsa kuizimitsa. Anazula babu pabatire la sola kuti moto wonse uzipita kwa Wallace, banja n'kumagona mumdima. Kuzizira kwa ku Luwawa mukukudziwa, ndiye anaikulunga m'mabulangete awiri, n'kumalowetsamo dzanja.

“Gwira, Iness. Akutentha ngati munthu.”

Iness anagwira. Kunali kotenthadi, ndipo pansi pa chikhatho chake china chake chinkanjenjemera.

Kugogoda kunkawonjezeka usiku uliwonse. Kenako zithunzi zinayamba zachilendo. China chinatseguka nkhope ya Wallace ili theka, kuyambira pamphuno kutsika kuli phulusa lokhalokha. China chinakaniratu. Kavidiyo kaja kankafika pakati n'kuima, Wallace atayasama, maso ali pa woonerayo, nyimbo osatuluka. Apa m'pamene mudzi unalankhula. Ena ankati wakwiya poti sanamubweretse kudzagona kwawo. Ena, ndipo ine sindikuwatchula, ankati akubisa nkhope chifukwa mkazi wake ankaseka kwambiri ndi dalaivala wina wa lole. Iness ankazimva zonsezi kuchitsime, n'kusenza ndowa yake.

Mng'ono wa malemu, Cosmas, kalaliki pakampani ina yocheka matabwa, ankabwera Loweruka lililonse. Ankakhala pafupi ndi mabulangete aja n'kumamvetsera, manja ali pakati pa mawondo.

Usiku womaliza laputopu ija inagogoda mothamanga mpaka tambala woyamba, kenako phee. Kutacha, pagalasi panali pakuda bii, timawu tachingerezi tiwiri tokha pakona. Iness anaimanga m'chitenje, anauza apongozi kuti akukagula chingwe china, n'kukwera galimoto yopita kuboma, kwa Bestone wokonza mafoni ndi makompyuta kuseri kwa msika.

Bestone atangoiona anagwira pakamwa.

“Mama, iyi ndinaionapo. Anabwera nayo bambo wina wa pakampani yocheka matabwa mu Meyi, chaja itavuta. Ndinayeza hadi yake, kambale kamene kamazungulira m'katimu n'kusunga zinthu zonse. Kameneka kakayamba kutha kamawerenga kokha mabala ake, ndipo pulogalamu yanga inaonetsa chikasu, chenjezo loti kali pafupi kufa. Ndinawauza kuti aisiye masiku awiri ndikopere zonse pena. Ndinawauzanso kuti ikadzangoyamba kulira tche, tche, azimitse nthawi yomweyo, ndipo isamatenthe. Anati abwera Loweruka.”

“Nanga pano?”

Bestone anayesa mpaka dzuwa kupendeka. Analumikiza uku, analumikiza uko, anaiika pakhutu.

“Mbwenu, mama, zatha. Mulibe kanthu kamene ndingatulutse.”

Iness anathokoza kuti yewo, n'kumanganso chitenje chake.

Zotsatirazi anandiuza mayi wina wophikira anyamata a pamacheka, amene anali pomwepo akutsuka mapoto. Iness anamupeza Cosmas kuseri kwa mulu wa utuchi, n'kumuikira katunduyo m'manja.

“Alamu, munkadziwa?”

Cosmas anayang'ana nsapato zake.

“Ndinkadziwa. Mu Meyi ndinazengereza chabe. Nditamva kuti yayamba kugogoda ndinabwera ndi njinga kudzaitenga. Ndinapeza amama akudya, alamu. Miyezi iwiri asanadye bwino, ndinawapeza akudya. Ndinati Loweruka linalo. Linalo ndinatinso linalo.”

“Ndipo za dalaivala zija munkazimva?”

“Ndinkazimva chomene.”

Iness sanakweze mawu, sanagwetse ngakhale msozi. Anangokonza mwana kumsana.

“Uyu akadzafunsa mawu a bambo ake, mudzamuimbira ndinu,” anatero. “Amama mukawauze nokha.”

Cosmas anaulula kwa mlamu wake yekhayo. Kwa mayi ake sanaulule mpaka lero. Madzulo omwewo anakabwezera laputopu patebulo, n'kunena kuti akatswiri a paboma ati Wallace wangogona.