Khobidi la M'chitini cha Polishi

Ernest anachoka pathengopo mochedwa, mataxi atasiya kale kuyenda, ali chimanjamanja. Chiwerukireni kutchalitchi anakhala akusesa ndi makina ake kathengo kaja ka kuseri kwa mafakitale a ku Mobeni, mu Durban muno, koma zimene anatola ndi zitsekerero za mabotolo ndi timawaya basi.

Mumudziwe kaye Ernest ameneyu. Mkati mwa sabata amasamala maluwa m'mayadi a ku Hillcrest. Bwana wake wakale posamuka anamusiyira ditekita, makina aja a ndodo yaitali yokhala ndi mbale kunsonga, amene amalira akadutsa pokwiririka chitsulo. Wina akanagulitsa tsiku lomwelo n'kumwera. Iye anakhala nawo pansi mpaka khutu lake linayamba kusiyanitsa kulira kwa siliva ndi kwa mkuwa. Anzake ankamuseka kuti wayamba using'anga wachizungu, iye n'kumangomwetulira, n'kuwaonetsa botolo lodzaza makhobidi akale, matiki ndi masheleni a mitu ya mafumu. Sanagulitsepo n'limodzi lomwe. Ine munthu wodekha chonchija sindinamuonepo mu Durban monse muno.

Koma ya tsikuli sinali ntchito yosewera. Mai Olive, mkulu wa kutchalitchi kwawo, wolankhula mosapsatira uja, ndi amene anamupempha. Amuna awo, a Joel, anaikidwa pathengo limenelo kalekale, pakadali manda a antchito a m'makomponi. Mtanda unadyedwa ndi chiswe, mitumbira mvula inasalaza. Tsopano kampani ina inagula malowo kuti imangepo nyumba yosungiramo katundu, ndipo akuluakulu ake ananena poyera kuti akaonetsedwa pali manda afukula mwaulemu n'kukaika kwina, koma popanda umboni athira simenti. Chizindikiro chinali chimodzi chokha, khobidi la Nyasalande lobooka pakati limene a Joel ankavala m'khosi chichokereni kwawo ku Ntcheu. Mai Olive analikwirira kumutu kwa manda. Mathirakitala amabwera Lolemba m'mawa, ndipo Lolembalo linali mawa lake.

Ndiye Ernest ankayenda mtima uli zii, akuganiza kuti akawayang'ana bwanji kumaso mai aja. Mantha nawo analipo. Munthu wobwera, usiku, ku Mobeni, utanyamula kafosholo, apolisi akakuona ndiwe wakuba mawaya, anyamata a m'njira akamva lilime lako ndi nkhani inanso. Anakonzeratu Chizulu pakamwa, nalunjika mlatho wa pangalande umene umatulukira ku Clairwood kumene ankakhala.

Getsi la pamlathopo linali lakufa. Agalu a m'mafakitale amene ankauwa njira yonse anangoti duu. Ngalande imeneyo aliyense amaidziwa, imanunkha mpaka m'mutu. Koma usiku umenewo panamveka fungo lina.

Polishi wa nsapato...

Ernest anaima. Pakati pa mlatho panali munthu. Bambo wamtali, wa jekete lachikale ndi chipewa chopendekeka. Masana kunagwa mvula, matope anali ponseponse, koma nsapato za bamboyo zinkawala mumdimamo ngati zangochoka m'sitolo.

"Sawubona, baba," anatero Ernest.

"Chizulucho sungani, mwana wakwathu," bamboyo anayankha m'Chichewa chakumudzi chenicheni. "Mwapadutsa lero. Makina anu anakuuzani, inu osamva. Khobidi lili m'chitini, inu mukuthawa zitini."

Ndani anamuuza munthuyu za khobidi? Koma onani mmene ntchito imamulowera munthu m'magazi. Mantha alipo chonchobe, mutu wa Ernest unathamangira ku makina. Pathengopo panali zitsulo zambirimbiri, ndiye kuyambira masana anawatchera kuti azinyalanyaza chitsulo wamba, azingolirira mkuwa ndi siliva. Khobidi la mkuwa likatsekeredwa m'chitini, makina amamva chitinicho. Ankadzitsekera yekha khutu tsiku lonse.

Anadzilimbitsa mtima kuti mwina ndi mlonda wa fakitale ina, mnzawo wakale wa malemuwo. Anafunsa dzina. Bamboyo anangomudutsa n'kuyamba kulowera kuthengo kuja.

Kunyumba kunali kutsogolo, pafupi, chitseko ndi loko. Kumbuyo kunali manda. Inu mukanasankha kuti? Ine ndikudziwa kumene ndikanathawira, ndipo sindichita nazo manyazi. Ernest anakumbukira nkhope ya mai Olive, natembenuka.

Bamboyo anali patsogolo. Ernest pambuyo. Nsapato za Ernest zinkati tchwa, tchwa m'matope. Za bamboyo osamveka. Anadutsa njanji. Anadutsa mpanda wakugwa. Udzu unamunyowetsa Ernest mpaka m'mawondo. Buluku la bamboyo linali louma.

Mphepo inaleka. Ngakhale nkhululu imodzi osalira.

Pafupi ndi chitsa cha mtengo wa mango bamboyo anaima, manja kumbuyo, maso pansi. Ernest anapakumbukira pamenepo. Masana makina anangodzuma pang'ono, iye n'kupitirira. Anavala mahedifoni. Anapotoza kabatani, natsitsa mbale ija pafupi ndi nsapato zowalazo.

Guuu!

Kulira kolemera, kwa chitsulo chadzimbiri. Anagwada. Anakumba. Dothi linali lozizira. Thukuta linkagwera m'dzenje. Kafosholo kanagunda kanthu... Anapala ndi manja. Kachitini kozungulira, kofiira ndi dzimbiri. Anakakanula ndi mpeni, naunika ndi foni.

Khobidi! Lobiriwira ndi zaka, lobooka pakati, njovu ziwiri zitaimirira uku ndi uku. Ernest wagwirapo makhobidi ambiri, koma ili analigwira ndi manja awiri, misozi ili m'maso.

Pamwamba pa mutu wake mawu aja anamvekanso, ofatsa, okhala ngati akuseka.

"Mukamuuze Olive kuti chitini anatengacho polishi anali asanathemo."

Ernest anadzutsa mutu kuti athokoze.

Palibe munthu.

Anaunika kumanja. Kumanzere. Thengo lonse linali mbee. Anaunika pansi, pamatope pamene bamboyo anaima. Mapazi analipo a munthu mmodzi yekha, ndipo anali ake. Fungo la polishi lokha ndi limene linatsala.

Apa ndi pamene ndimamuvulira chipewa mnyamata ameneyu. Miyendo inkafuna kuliyatsa liwiro, koma iye anayamba wazika kafosholo padzenjepo, namangirirapo mpango wake, nazunguliza miyala kuti malowo asasowenso. Kenako anaomba m'manja mwaulemu ngati akutsanzika kwa akulu, nati zikomo. Atatero m'pamene anathamanga, ndipo sabisa kuti pamlatho paja anadutsa atatsinzina.

Kunja kusanayere anali akugogoda kwa mai Olive. Maiwo anatsegula akukalipa kuti ndani wopanda mwambo akudzutsa nkhalamba nthawi imeneyo, koma ataona chitini m'manja mwake anangokhala pansi pakhomo pomwepo. Anati za chitinicho anaiwaliratu, mutu wakalamba. Anachikwirira okha tsiku lotsatira maliro, popanda woona, ndipo sanauzepo munthu, ngakhale ana awo.

Ernest anafotokoza za bambo wa pamlatho, nafunsa kuti ndi mnzawo uti wa malemu amene akulondera cha kumeneko. Mai Olive anati anzawo a Joel onse anatsogola kale. Anatembenuzatembenuza khobidi lija, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti nsapato zake zinali zotani. Ernest anati zinkawala, matope osazikhudza. Ndipo anapereka uthenga uja monga anaumvera, wa polishi amene anali asanathe.

Mai Olive anaseka. Anaseka mpaka kuseka kunasanduka kulira, akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Anati n'zoona, polishiyo anachita kumupala ndi supuni n'kumutaya kuseri kwa nyumba, poti chitini china analibe. Kenako anadzuka, namanga duku lawo mwamphamvu, natenga ndodo.

"Tiyeni tikaime pamandapo mathirakitala asanafike. Amene mwayenda nayeyo, mwana wanga, ndi Joel mwini wake. Tinamuika mu 1984, koma muoneni, mpaka lero akadalirira polishi wake."