Kompyuta Yofunda Chitenje

Zuwena anatseka ofesi mdima utagwa kale, mutu utamuima. Chinali chaka cha chilala, 1992, ndipo bungwe lomwe linali litangomulemba ukalaliki pa Boma linkagawa chimanga m'midzi. Mndandanda wa olandira unkakhala m'kompyuta yaikulu, ndipo makompyuta enawo ankaufikira kudzera pa waya wokhomeredwa kukhoma. Tsikulo kunapezeka kuti mudzi wina wa ku Nchema, mabanja makumi anayi, unaiwalika. Lole ya chimanga inali kubwera m'mawa mwake, ndipo akuluakulu a bungwelo ku Limbe za pepala la pamanja sankamva: amene mulibe mu fayilo adikire mwezi wamawa.

Fayiloyo inkatseguka bwinobwino, kuwerenga ankawerenga. Koma akalembamo mayina n'kuti asunge, kompyuta inkamuyankha kuti alibe chilolezo. Analemba kasanu, kasanu konse inakana. Anazimitsa n'kuyatsanso, anagwedeza waya, mpaka anaiwomba mbama, ngati kuti kompyuta imamva kuwawa. Bwana wake, a Mathero, omwe makinawo ankawaopa ngati njoka, anangoti katswiri wa ku Blantyre abwera Lolemba, n'kutenga jekete lawo. Zuwena zinamupweteka kwambiri, chifukwa anthu a mudziwo anawaona ndi maso ake akuphika mango osakhwima.

Anadzera njira yachidule, yotsikira ku kamlatho ka pamtsinje wouma, kumbali kwa manda. Mwezi kunalibe. Ankayenda akunong'ona duwa, pemphero la Chisilamu, ndipo sanadziwe kuti ndi liti munthu wina anayamba kuyenda pambali pake.

"Achemwali, mwaweruka mochedwa."

Mtima unangoti phaa! Anali bambo wa malaya oyera, kasikuludiraiva kali m'thumba la pachifuwa pomwe anzake amaika bolopeni. Zuwena anayankha mwaulemu n'kuwonjezera liwiro. Bamboyo sanatsale.

Kenako anazindikira chinthu. Nsapato zake zinkamveka pa miyala. Za bamboyo... zii. Nkhululu zinaleka kulira. Mwezi wa Okutobala, koma m'manja munazizira.

"Waya musamuvutitse, alibe mlandu," anatero bamboyo. "Dzina lanu linapatsidwa chilolezo chowerenga chokha."

Zuwena anafuna kuthawa. Koma anapitiriza kuyenda akumvetsera. Za fayilo sanauze munthu aliyense panjira!

Bamboyo anapitiriza modekha, ngati mphunzitsi wa Sitandade Wani. Anati pakona ya ofesi pali kompyuta yofunda chitenje, ndipo pansi pake pali kapepala ka dzina ndi mawu achinsinsi. Alowe ndi dzinalo, apeze dzina lake pa mndandanda wa ogwiritsa ntchito, alipatse chilolezo cholemba. Akatero atuluke pa kompyuta yake n'kulowanso, chifukwa siidziwa kuti zinthu zasintha mpaka italumikizidwanso. Anamuuza kuti abwereze zonsezo. Zuwena anabwereza.

Anafika pa kamlatho. Bamboyo anaima.

"Ine malire anga ndi pano. Mulawire, achemwali, anthu aja adye."

Zuwena anaoloka. Anacheuka kuti athokoze. Panalibe munthu. Uku tchire, uku manda... Anataya ulemu wonse wa ukalaliki n'kuliyatsa liwiro mpaka pakhomo.

Usiku umenewo tulo sanatione. Analumbira kuti kompyuta ija sakaikhudza, koma akatseka maso ankaona miphika ya mango ija. Atangoswali pemphero la m'bandakucha ananyamuka, ulendo uno kudzera mumsewu waukulu.

Chitenjecho chinali chitayera ndi fumbi. Tsiku lomwe anayamba ntchito anangouzidwa kuti pamenepo asakhudze, iye n'kuganiza kuti ndi yowonongeka. Anafundukula. Kapepala kanalipo, kolembedwa ndi inki yobiriwira: Bernard Nakhumwa. Kompyutayo inayaka ngati inazimitsidwa dzulo. Anachita zonse monga anauzidwira, n'kubwerera pa yake ndi kulemba mayina. Inakananso. Misozi inalengeza, kenako anakumbukira kuti sanatuluke n'kulowanso. Atatero, analembanso mayina onse makumi anayi, n'kudina kuti asunge. Inalola! Anasangalala mpaka anavina yekha mu ofesi ya eni.

A Mathero analowa makina osindikizira akulira. Ataona chitenje chili pampando, nkhope inasintha. Anafunsa kuti wamuuza ndani za kapepalako, ndipo Zuwena anafotokoza zonse, za malaya oyera ndi za kamlatho zomwe. Bwanayo anakhala pansi pang'onopang'ono.

Anamuuza kuti Bernard ndiye anakhoma waya yense uja ndi manja ake. Zaka ziwiri zapitazo, akuchokera mu ofesi momwemo, njinga yake yamoto inagwera pansi pa kamlatho kaja, ndipo anamwalira pomwepo. Anzake anafunditsa kompyuta yakeyo chitenje pomulemekeza. Za kapepalako onse ankadziwa, koma panalibe amene akanalimba mtima kulowa ndi dzina la malemu, ngakhale ntchito ithine chotani.

Zuwena anayang'ana chitenje chija. Mantha a usiku aja anabwereranso, koma osakanikira ndi chisoni.

A Mathero anatola mapepala aja n'kuyamba kutsika ndi chala, dzina ndi dzina, monga mwa chizolowezi chawo. Chapakati chala chinaima. Anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwerenganso.

"A Selestina Nakhumwa," anatero chapansipansi. "Mwana wanga, awa ndi mayi ake a Bernard."

Kunja lole inaliza hutala. A Mathero anavala jekete lawo n'kunyamula mapepalawo okha, nauza dalaivala kuti lero ayambira ku Nchema.