Rediyeta ya Ruben

Abson, mlamu wanga, ndi makanika ku Nsefu, ndipo si munthu wa nthabwala. Ngakhale pa ukwati wake sanaseke. Zimene ndikusimbazi anandiuza yekha, ndipo Delia, wogulitsa nsomba pafupi ndi galaji yake, anaziona ndi maso.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Benwell, wonyamula thonje, anabweretsa galimoto yake ya otomatiki. Ikayenda pang'ono inkatentha, magiya n'kumaterereka. Abson anasolola kachitsulo koyezera mafuta a giyabokosi. M'malo mofiira, mafutawo anali ngati tiyi wamkaka, akununkha chopserera. Anadziwa pomwepo kuti kapaipi koziziritsa mafuta, kamene kamadutsa m'kati mwa rediyeta, kang'ambika ndipo madzi alowa.

"Ifunika rediyeta ina," anatero. "Ku Chipata."

Benwell anali waphuma, Chipata inamutalikira. Panjira ya ku Malama panali galimoto yonga yakeyo, imene njovu inaboola chitseko. Dalaivala wake, Ruben, anafera pachiwongolero akulimbana ndi giya yobwerera m'mbuyo. Abale ake anali asanabwere kudzatola mzimu pamalopo, ndipo kuno ngakhale mbava sikhudza chitsulo chotere mwambowo usanachitike. Benwell anakamasula rediyeta masanasana. Kwa Abson ananama kuti wagula ku Mfuwe.

Abson anaimanga, anatsuka mapaipi, n'kuthira mafuta atsopano. Analiza injini, giya ili pa P, poimikira galimoto, handibuleki yokoka, n'kulowa pansi kuti aone ngati pakudontha. Benwell anaima kumbuyo kwa galimoto atatsamira mtengo wa tsanya.

Nyenje zinasiya kulira. Kunabwera fungo la ndowe za njovu, zaziwisi. Dontho linagwera Abson patsaya. Linali lofunda. Silinali mafuta.

"Ba Benwell," anatero motsitsa mawu, "mwaichotsa kuti rediyeta iyi?"

"Sebenzani chabe, imwe. Manje thonje idikira."

M'galimotomo munalibe munthu. Koma Abson anamva wina akupuma mwawefuwefu pamwamba pake. Kenako giya inalowa. Kha.

Galimoto inalumpha chafutambuyo. Tayala linaponda mwendo wa Abson, fupa n'kuthyoka ngati nzimbe. Benwell inamupanikiza pamtengo. Inasunthira kutsogolo pang'ono. Inabweranso. Delia akuti anamva nthiti zikuthetheka, magazi akutuluka m'kamwa ndi m'mphuno, mwiniwake akumenya bodi ya galimoto ndi zikhato monga timachitira pouza dalaivala kuti aime. Kachitatu sanamenyenso.

Injini inazima yokha. Anthu atathamangira anapeza zitseko zotseka, giya ili pa P. Mpando wa dalaivala unali wonyowa ndi thukuta.

Benwell anali wamatama ndipo ambiri sitinkamukonda, koma ndikakumbukira imfa yake ndimamva chisoni ndi mantha pamodzi.

Abson anatuluka m'chipatala akutsimphina. Anamasula rediyeta ija n'kukapereka kwa abale a Ruben atagwada. M'galimoto ya Benwell anachotsa batire, n'kukhuthula mafuta onse. Galimotoyo palibe anafuna kuikoka. Ikadali pansi pa tsanya, matayala ataphwa, udzu utamera mozungulira, kupatula pansi pa giyabokosi pomwe nthaka ndi yakuda.

Ine ndine wamakani. Tsiku lina mvula itangokata, ndinagwada, ndinapisa dzanja n'kukhudza chitsulocho. Chikhato changa chinapsa n'kutuluka matuza.