Kabokosi ka Ottilie

Madzulo amenewo Mayi Hildrun Vosskamp, woyimba wathu wamkulu, anafika kunyumba ya zisudzo faifi koloko monga mwa masiku onse. Ndinawaveka diresi lobiriwira. Ndinasoka ndekha, ndipo mumzinda monse munalibe telala wondifika ngakhale pachala.

Liwu lawo linali lidakali lokwera, losalala ngati la mtsikana. Chinkawathawa ndi mutu. Mawu a nyimbo ankawathothoka ngati mabatani. Kwa zaka makumi atatu ankawapulumutsa ndi Ottilie Brenneke, kamayi ka chifuwa kamene kankabisala m'kabokosi kutsogolo kwa siteji, n'kumanong'oneza mzere uliwonse woyimba asanaufike. Koma Ottilie tinali titamuika m'manda Lolemba. Kabokosi kaja anakakhomera misomali. Bwana wamkulu sanabise mawu: "Mukaphonya lero, mayi, ndiye kuti mwatsanzika."

"Irmtraud, ine lero ndafa," Mayi Vosskamp anandiuza.

"Mukamafa musandidetsere diresi," ndinawayankha, n'kuwalavulira katatu paphewa. Sanathokoze. Kuzisudzo sitithokoza mafuno abwino, zimaitana tsoka.

Gawo loyamba anawoloka. Lachiwiri, movutikira. Lachitatu anatsala okha pasiteji. Anatsegula pakamwa. M'mutu mbee! Oliza zeze anadikira. Anthu mazana asanu ndi atatu, zii.

Kenaka kachifuwa. Kouma, kawiri. Pansi pa matabwa.

Ndiyeno kunong'ona, mzere woyamba.

Tsitsi linawaima. Koma anayimba. Mzere uliwonse unkabwera pa nthawi yake, mpaka mapeto. Anthu anaimirira, m'manja mpaka kupsa.

Onse atapita, mayiwo anabwerera pasiteji. Pankayaka nyale imodzi yokha, ija timasiya usiku. Anagwada pakabokosi. Misomali inali momwemo. Pamng'alu pankatuluka fungo la maswiti a chifuwa.

"Ottilie, ndiwe?"

"Mzere wachinayi mumauthamangira, mayi. Ndidzanena kangati?"

Anaseka, misozi ili chuchuchu. Pomwepo anakumbukira kuti zaka zonsezo maluwa ankapita kwa iwo, ndipo kamayi ka pansipa sanakauzepo kalikonse. Mwambo ankaudziwa bwino: ukathokoza, mwayi umachoka. Loweruka kunalinso chisudzo china, ndipo mutu wawo unali woiwala womwewo. Anatsamiritsa chipumi pathabwa.

"Zikomo, mnzanga."

Fungo lija linazilala.

Mlonda, Bambo Rautenberg, anawapeza m'mamawa ali pomwepo, atazizidwa, diresi langa lili fumbi lokhalokha. Loweruka lisanafike anapita okha kwa bwana kukatsanzika. Sanayimbenso.

Akalipentala anakhomola kabokosi kaja. Munalibe kanthu, kupatula kampando.

Mpaka lero kukantini amanong'onezana kuti mayiwo anadzitayira mwayi ndi pakamwa pawo. Asiyeni, sadziwa kanthu. Ndinawavula diresi m'mawa umenewo ndine, ndipo ndinawafunsa chifukwa chimene anathokozera.

"Ottilie akanakhalabe, Irmtraud," anatero. "Koma munthu angagwire ntchito mpaka liti?"